Mkaka Wochedwa Kuundana

4 Meyi

Kamakani mwana wanga,

Landira moni wochokera kuno. Ine ndili bwino, kupatula bondo lija lomwe limandiuza za mvula mitambo isanabwere. Kaya iwe kumeneko ku fakitale? Usadabwe kuti ndagwira cholembera ngati mwana wasukulu. Foni ija unandigulira anaiponda Mphwayi, ng'ombe yanga ija, m'khola, ndipo sanapepese n'komwe. Kalatayi ndapatsira amalume ako kuti akapereke kwa adalaivala a thanki ya mkaka, poti thankiyo imakatsitsa kuntchito kwako komweko. Nawenso uziyankha njira yomweyo.

Ng'ombe zili bwino. Mawanga wabereka thole lalikazi, lamiyendo yaitali ngati lobwereka. Mphwayi akadali Mphwayi, amadya chogona.

Koma chandilembetsa ndi china. Dzulo amalume ako pochokera kosonkhetsera mkaka anafika nkhope itagwa. Akuti kalaliki wawaonetsa pepala lochokera ku fakitale, lonena kuti mumkaka wa nambala yanga muli madzi. Akuti likadzabweranso pepala lotere nambala yanga aifufuta, ndipo aimata pakhoma kuti aliyense wobwera ndi chigubu aiwerenge. Ine? Madzi? Chimwalirireni bambo ako ndakama ng'ombe zimenezi ndi manja awa, kaya mvula kaya dzuwa. Ndimasefa, ndimathira m'zigubu, ndimatseka, amalume ako n'kumangirira pa njinga yawo yamoto. Madzi omwe amayandikira mkaka wanga ndi thukuta langa lokha, nalonso ndimapukuta lisanadonthe.

Chandiwawa kwambiri n'chakuti akuti m'munsi mwa pepalalo muli siginecha yofanana ndi yako. Ndawauza kuti anthu amafanana zolemba. Undiyankhe msanga, undiuze kuti si iwe, kapena kuti makina anuwo anali ataledzera tsiku limenelo.

Kodi chifuwa chija chinatha? Usamagone tsitsi lili lonyowa.

Ndine mayi ako.

9 Meyi

Amayi,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Chifuwa chinatha, ndipo thole la Mawanga mundisisitireko pamutu.

Siginecha ija ndi yanga. Sindikufuna mumve kwa wina. Timabotolo ta mkaka timabwera m'chipinda chathu choyezera tili ndi manambala okha, koma nambala yanu ndimaidziwa ngati tsiku langa lobadwa. Nditaona zomwe makina anaonetsa, ndinayezanso, kenako ndinapempha mnzanga wa magalasi amene timagwira naye ntchito kuti ayeze yekha, osamuuza kuti ndi mkaka wa ndani. Zinatuluka zomwezo. Ndinasaina, chifukwa zikanakhala kuti ndi mkaka wa mayi a munthu wina ndikanasainanso.

Ndikufotokozereni momwe timayezera, kuti muone kuti si nkhani ya maso anga kapena mtima wanga. Madzi akumwa akazizira kwambiri amaundana pa ziro. Koma madzi omwe mwasungunuka kanthu, kaya shuga kaya mchere, amachita makani. Pa ziro saundana, amadikira kuti kuzizira kupitirire. Mukukumbuka timapepala ta madzi a shuga tomwe ndinkaika mufiriji ya kugolosale n'kumakagulitsa kusukulu? Ndikachulutsa shuga tinkangokhala phalaphala, pomwe madzi wamba ali gwa ngati mwala. Ndi zomwezo.

Mkaka nawo ndi madzi omwe ng'ombe yasungunulamo shuga wake ndi timichere take, ndipo ng'ombe siphonya muyeso. Kaya ndi Mawanga kaya ndi Mphwayi, mkaka wake umaundana pamalo amodzimodzi, pafupifupi theka la digiri kunsi kwa ziro. Mafuta akhoza kuchepa kapena kuchuluka, koma pamenepo sipasuntha kwenikweni. Munthu akathiramo madzi, zosungunuka zija zimatayana, mkaka n'kufulumira kuundana. Wanu unafulumira kwambiri, Amayi. Si mame amenewo, si madzi otsalira potsuka chigubu. Alipo amene anathira ndi dzanja.

Ine ndikudziwa kuti si inu. Koma kudziwa kwanga sikulowa m'makina. Chonde mukame Mawanga, muthire m'kabotolo koyera, mutseke nokha, mumate ndi phula la kandulo, munditumizire. Ndikayeza umenewo tidziwa ngati vuto lili m'khola kapena panjira. Mundiuzenso amene amagwira zigubu zanu kuchokera pakhomo mpaka pa sikelo ya kalaliki.

Musandikwiyire. Kapena kwiyani, koma kabotoloko mutumize.

Ndine mwana wanu,
Kamakani

23 Meyi

Kamakani,

Moni. Tili moyo.

Kalata yako yandipeza dzana, itayenda masabata awiri ngati inachokera kutsidya kwa nyanja. Envelopu inali yotseguka. Amalume ako akuti inanyowa m'thumba la jekete ndiye anaiyanika, kenako anaiwala.

Ndaiwerenga kawiri. Koyamba ndinalira, kachiwiri ndinaseka. Ndiye kuti ndinakutumiza kusukulu kuti udzaphunzire kuyeza mayi ako? Ukuti ukudziwa kuti si ine, koma ukufuna kabotolo komata ndi phula, ngati ndine wakuba woti agwidwe ndi umboni. Mkaka umene unayamwa pachifuwa panga unauyeza ndi makina ati? Unaundana pa digiri yanji?

Ukufunsanso amene amagwira zigubu. Usazungulire, mwana iwe, ndakumva. Ukunena achimwene anga. Munthu amene tsiku lomwe tinaika bambo ako anandiuza kuti, "Chemwali, iwe uzikama, kunyamula ndi kwanga." Amadzuka kusanache, amayenda m'matope, anagwapo ndi njinga mpaka kuthyoka chala chifukwa cha mkaka wanga. Lero mwana wa dzulodzuloli, poti wavala chovala choyera, akufuna ndiziwayang'ana m'manja.

Kabotolo sinditumiza. Ng'ombe zanga sizili pamlandu, ine sindili pamlandu. Makina anuwo muwatsuke bwino, mwina madziwo ali m'menemo.

Anthu kuno amva kale. Lamulungu kutchalitchi mayi wina anandifunsa moseka ngati ng'ombe zanga zikukamidwira kumjigo. Ndinamuyankha zomwe sindingalembe pano.

Uzidya mokwanira.

Mayi ako

25 Meyi

Wokondedwa mwana wa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wathanzi monga tilili ife kuno. Azakhali ako akupereka moni, akuti watiiwala.

Mwanawe, ndalemba mayi ako asakudziwa. Munthu uja wawonda ndi nkhaniyi. Sakugona, akulankhula yekha m'khola. Iwe uli m'tauni, ukumwa tiyi pa ofesi, sukuona zimenezi. Ine ndi amene ndikuziona.

Za madzi zija ndazifufuza mwakuya monga munthu wamkulu. N'kutheka ndi mame, poti ndimanyamuka m'mamawa. N'kuthekanso ng'ombe zikumwa kwambiri, ndipo chimene chalowa chimayenera kutuluka. Inu asayansi zimenezi simuziganizira. Koma usade nkhawa, vutoli ndalipezera njira. Mkaka wa sabata ino sufulumiranso kuundana, uona wekha. Uchita makani kuposa iwe.

Pempho langa ndi limodzi. Ngati pangakhale kusiyana pang'ono, cholembera chili m'manja mwako. Palibe amene amaima kumbuyo kwako n'kumawerenga manambala. Chibale ndi fupa, sichiola. Fakitale lero ikukusekerera, mawa ikutaya ngati chitini chobooka, koma ife ndi amene tidzakulandire. Ndine ndinakunyamula paphewa kuthamanga nawe kuchipatala utameza batani, abwana akowo kunalibe.

Ndiponso, mongofuna kudziwa basi, kodi makina anuwo amatha kusiyanitsa shuga wa ng'ombe ndi shuga wa m'sitolo? Tinatsutsana ndi anzanga pa bawo.

Kalatayi ukawerenga ung'ambe.

Ndine malume ako okukonda.

2 Juni

Amalume,

Moni ndalandira, azakhali muwabwezere.

Kalata yanu sindinang'ambe, ndipo sinding'amba. Funso la anzanu a pa bawo ndiliyankha: inde, timatha kusiyanitsa. Mchere ndiye sitivutika nawo n'komwe.

Mwandifunsa ngati ndikuona zomwe zikuchitika kumudzi. Inunso mumve zomwe zachitika kuno. Lachiwiri kabotolo ka nambala ya Amayi kanafika. Mkakawo unachedwadi kuundana, monga munalonjezera. Unachedwa mpaka kupitirira pomwe mkaka wa ng'ombe ina iliyonse padziko pano ungafike. Munawerenga kalata yanga, koma munawerenga theka. Mchere suli ngati shuga. Kambewu kake kakasungunuka kamagawika pawiri, ndiye kadzanja kamodzi kamagwira ntchito yoposa momwe munkaganizira. Mnzanga wa magalasi anadonthezamo mankhwala ozindikirira mchere, mtundu unasintha nthawi yomweyo. Anaviikamo chala n'kulawa, n'kulavulira m'sinki.

Masana abwana anandiitana mu ofesi, natseka chitseko.

"Nambala iyi ndi ya mayi ako?"

Ndinati inde.

"Mwezi watha munali madzi okha. Lero muli madzi, shuga ndi mchere. Mlimi amadziwa bwanji kuti mchere umachedwetsa kuundana? Wamuphunzitsa ndani?"

Ndinawauza zoona, kuti ndinalembera Amayi kalata yofotokoza momwe timayezera, ndipo kalatayo inatsegulidwa panjira. Anaseka. Anandikankhira pepala loyera ndi cholembera, akuti ndilembe kuti ndasiya ntchito mwa kufuna kwanga, nkhaniyo ithere m'chipinda momwemo, mbiri yanga isaipe.

Ndinabweza pepalalo. Ndinati, "Bwana, ngati ndalakwa ndichotseni inuyo. Mulembe chifukwa chake, musaine dzina lanu m'munsi, monga ndimasainira ine pa mapepala anga. Ndinasaina pepala lotsutsa mkaka wa mayi anga ondibereka. Munthu wofuna kubera akanayamba ndi zimenezo?"

Sanandichotse, koma anandichotsa pa makina. Panopa ndikutsuka mabotolo kuseri, manja atuwa ndi sopo. Anzanga ena akadutsa amayang'ana kumbali. Nambala ya Amayi ayifufuta Lolemba likubwerali, pepala lapita kale kwa kalaliki.

Mukuti chibale ndi fupa. Chabwino. Nanga Amayi si m'bale wanu? Amene akunyozedwa kutchalitchi ndi ndani? Nambala yomwe ikamatidwe pakhoma ndi ya ndani? Ndipo mkaka umenewu sukathera m'makina anga, Amalume. Umalowa m'thanki limodzi ndi wa anthu ena onse, wina umapita kuchipatala, wina kusukulu za ana. Madziwo mumatunga pati? Chigubu chake chimatsukidwa?

Cholembera chilidi m'manja mwanga, ndipo chilemba zomwe makina aonetsa, kaya mkaka ndi wa Amayi, kaya ndi wanu, kaya ndi wa abwana. Batani lija ndikuthokoza. Koma simunandinyamule tsiku lija kuti ndidzakhale wabodza.

Ndikanakonda Amayi amve kuchokera pakamwa panu. Koma sindikudikirani.

Kamakani

2 Juni

Amayi,

Kalata iyi ndawapempha adalaivala kuti asapatse munthu wina aliyense koma inu, m'manja mwanu. Ndiye ngati mukuiwerenga, mwaima kosonkhetsera mkaka, ndipo zigubu zanu zili pafupi.

Sindikupemphaninso kabotolo. Ndinalakwitsa kapemphedwe, ndamva. Musakhulupirire makina anga, musakhulupirirenso ine. Mkaka wanu mumaudziwa kuposa wina aliyense. Yang'anani zigubu zanu ngati zili momwe munazitsekera. Tsegulani chimodzi, mulawe.

Kuno andichotsa pa makina, akuti ndinakuphunzitsani kubera. Anandipatsanso pepala loti ndilembe kuti ndasiya ntchito, koma sindinavomere ndipo sindichoka. Za ine musade nazo nkhawa, kutsuka mabotolo sikunaphepo munthu.

Mukalawa n'kupeza kuti ndi mkaka womwe munakama m'mawa uno, mundilembere, ndipo ndidzabwera kudzagwada pamaso pa amalume anthu akuona.

Mwana wanu,
Kamakani

6 Juni

Mwana wanga,

Moni. Khala pansi uwerenge bwino.

Mayi a kuseri kwathu, amene amaperekanso mkaka, anandiuza kuti adalaivala ali ndi kalata yanga ndipo akukana kupatsa amalume ako. Ndinatukwana mumtima, ndinati mwana uyu tsopano akufuna ndiyende ndi bondo ili. Komabe dzulo nditakama, amalume ako atanyamuka ndi njinga, ndinavala nsapato n'kuwatsatira wapansi, osawauza.

Choyamba kundidabwitsa chinali ichi. Ine wapansi, wotsimphina, ndinafika kosonkhetsera iwo asanafike. Adalaivala anandipatsa kalata, ndinaiwerenga nditatsamira thanki. Ndikumaliza, ndinamva njinga.

Kamakani, m'mawa umenewo ndinadzaza zigubu ziwiri, chachitatu mkaka unangophimba pansi, poti Mawanga akuyamwitsa. Amalume ako anatsitsa zigubu zitatu, chilichonse akuchinyamula ndi manja awiri, akubuula.

Atandiona anaima ngati aona malemu bambo ako.

"Chemwali, kwagwanji?"

Ndinatsegula chigubu chachitatu, chodzaza mpaka m'khosi. Ndinaviika chala, ndinalawa. Mwana wanga, ndakhala ndi ng'ombe kuyambira ndili mtsikana. Chimene chija sichinatuluke m'bere la ng'ombe. Chinali ngati misozi yothira shuga.

Pamzere panali anthu ambiri, ndi mayi uja wa kutchalitchi analipo. Ndinapempha kapu kwa kalaliki, ndinatunga, ndinawapatsa.

"Imwani, achimwene."

"Chemwali, tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba kunalibe mchere umenewu. Imwani."

"Ukundichititsa manyazi pagulu."

"Manyazi ndawasenza ine mwezi wathunthu, inu mukundithandiza kudandaula. Imwani."

Anamwako pang'ono, nkhope inakwinyika ngati chikwama chakale. Anafuna kuika kapu pansi. Ndinati, "Malizani. Ana akuchipatala amamaliza." Anamaliza. Pamzere panalibe woseka, ngakhale mmodzi.

Kenako ndinagubuduza zigubu zonse zitatu n'kukhuthulira m'ngalande. Kalaliki anati, "Mayi, ziwirizo mwina zili bwino." Ndinati zayenda ndi munthu mmodzi. Ndinamufunsanso kalalikiyo kuti kagalasi kake koyandama kaja, komwe amati kamamira mumkaka wa madzi, kanali kuti masiku onsewa. Anati shuga amalemeretsa mkaka ndiye kagalasiko kamanamizika. Ndinati nanga shuga asanayambe? Anayamba kufunafuna cholembera chomwe chinali kukhutu kwake.

Ndinabwerera ndi zigubu zopanda kanthu, ziwiri m'manja, chimodzi pamutu. Ndinalira njira yonse, osati chifukwa cha mkaka.

Tsopano tamvera. Uwauze abwana akowo atumize munthu adzaime m'khola mwanga m'mawa, aone ndikukama, atunge yekha, amate yekha ndi phula lakelo. Abwere ndi nsapato zoti zide. Ndipo iwe pepala losiya ntchito usalembe. Ukalemba usadzanditchulenso mayi.

Mawu aja ndinakulembera a mkaka wa pachifuwa, uwaiwale. Ndinali ndi ukali.

Mayi ako

10 Juni

Kamakani,

Moni sindipereka, poti kwa iwe moni wanga ndi wothira madzi.

Mwapambana, iwe ndi mayi ako. Ana akundiimba nyimbo pamsewu. Azakhali ako sakupitanso kumjigo masana, akumatunga kukada.

Sindikana zomwe ndinachita. Koma poti ndiwe woyeza, uyezenso izi. Zaka zonsezi ndanyamula mkaka wa mayi ako. Mafuta a njinga anga, matayala anga, msana wanga. Analipo anandifunsa tsiku limodzi kuti achimwene, njingayi imamwa chiyani? Ndinkayamikiridwa pakamwa, ndipo pakamwa sipayendetsa njinga. Kupempha mlongo wanga wamasiye ndinkachita manyazi. Ndinayamba ndi kapu imodzi, ndinkati ng'ombe sidziwa, fakitale siimva kuwawa.

Makina ako amadziwa kuti mumkaka muli madzi. Sadziwa chifukwa chake.

Abale akumana Loweruka kuti akambe za chipongwe chomwe ndinachitiridwa pagulu. Usadzabwere pakhomo panga.

Malume ako, ngati ukadali nawo.

19 Juni

Amayi,

Moni, ndipo bondo likuti bwanji pambuyo pa ulendo uja?

Mnzanga wa magalasi wabwerako ndi nkhani zambiri. Akuti munamuimika pakati pa ndowe, munamugwiritsa mchira wa Mphwayi kuti usakumenyeni kumaso, ndipo atafuna kutunga munamuuza kuti asambe kaye m'manja kawiri. Nsapato zake wataya. Koma akuti sanamwepo tiyi wa mkaka wokoma ngati wanu.

Timabotolo take anayeza yekha, abwana ataima pambali, ine ndili kuseri ndi mabotolo anga. Wa Mawanga ndi wa Mphwayi yemwe, unaundana pamalo pake penipeni, theka la digiri kunsi kwa ziro. Mchere wake ndi womwe ng'ombe inaikamo, palibe wowonjezera.

Abwana anabwera okha kosinki. Anati, "Vula magolovesiwo, bwerera pa makina. Zapitazi tiiwale."

Ndinati, "Bwana, ine ndingaiwale. Koma nambala ya mayi anga ili pakhoma kosonkhetsera, ndipo khoma siliiwala. Pepala lomwe linaimata linachoka kuno. Lichokenso kuno lina loichotsa, lonena kuti mkaka wawo wayezedwa m'khola ndipo ndi wabwino."

Anati fakitale silembera alimi makalata opepesa. Ndinati sindinapemphe kupepesa, ndapempha zotsatira, zomwe timalemba tsiku lililonse. Anati ndili ndi mwano. Ndinavalanso magolovesi n'kupitiriza kutsuka.

Ndinatsuka mpaka kumapeto kwa sabata. Timabotolo toyembekeza kuyezedwa tinadzaza firiji, mnzanga yekha sakanakwanitsa, mathanki anayamba kuchedwa pageti. Lolemba m'mawa ndinapeza pepala pa tebulo langa, mizere iwiri yokha, losainidwa. Mawu oti pepani mulibemo. Likubwera ndi adalaivala limodzi ndi kalata ino, ndipo mukaonetsetse kuti kalaliki walimata pomwe panali linzake.

Sikuti zonse zatha bwino. Udindo woyang'anira chipinda choyezera, womwe ankati andipatsa chaka chino, apatsa wina. Akutinso nambala yanu ndisamayeze ine, aziyeza mnzanga. Pamenepo ndavomera, akunena zoona, zinayenera kukhala choncho kuyambira kale.

Amalume anandilembera. Kalata yawo ndi yowawa, koma muli chinthu chimodzi chomwe chandikhala pamtima. Akuti zaka zonsezi palibe anawafunsapo za mafuta a njinga. Kodi n'zoona? Sindikuti zikuwayeretsa. Ndikungofunsa.

Nanga msonkhano wa abale unatha bwanji? Nanga mkaka akukunyamulirani ndani?

Mwana wanu,
Kamakani

1 Julayi

Kamakani mwana wanga,

Moni wambiri. Bondo lilipo, likudandaula, koma silinafunsidwe maganizo.

Pepala linafika. Kalaliki anafuna kulimata kuseri kwa chitseko, ndinamuuza kuti linzake lija silinali kuseri kwa chitseko. Lili pakhoma, pamwamba pa sikelo. Mayi uja wa kutchalitchi ndinamuwerengera mokweza, poti anati waiwala magalasi.

Za udindo wakowo zandipweteka. Koma wagona ndi njala? Ayi. Ndiye dzuka uzipita kuntchito.

Kumsonkhano ndinapita. Anandikhazika pakati ngati mbuzi yogulitsa. Akuluakulu anati achimwene analakwa, inde, koma ine ndinalakwa koposa powamwetsa pagulu, ndiye ndipepese, iwo ayambirenso kunyamula mkaka, nkhani ithe. Ndinafunsa kuti pamene nambala yanga inali pakhoma, msonkhano unachitikira kuti, poti ine sindinaitanidwe. Wina anati mwana wako wam'tauni ndi amene wakulowetsa mwano. Ndinati ayi, mwanayo anautengera kwa ine.

Za mafuta wafunsazo n'zoona, ndipo ndinavomera pamaso pa onse. Ndinati, "Achimwene, pamenepo ndinalakwa. Ndinkaona njinga ikuyenda, osaganiza kuti imamwa. Mukanandiuza, tikanagawana ngakhale chigubu chathunthu. Pa chimenecho pepani. Koma pa kapu ija sindipepesa, lero kapena mawa." Azakhali ako ndi amene analira.

Mkaka ndikunyamula ndekha. Ndagula wilibala yakale kwa amisiri omanga nyumba, ndamangirira zigubu ndi chingwe cha mphira. Imalira njira yonse ngati mwana wa mbuzi, moti anthu amadziwa kuti ndikubwera ndisanatulukire pakona. Ndimafika mochedwa, thukuta lili kamukamu, koma adalaivala amandidikira. Ukamabwera mwezi wa mawa unditengereko girisi, ndi mankhwala opaka bondo aja onunkha.

Dzulo ndinakumana nawo achimwene pa mlatho, iwo pa njinga, ine ndi wilibala yanga itatitimira m'matope. Anachepetsa liwiro. Ndinaona kuti akufuna kuima. Sanaime, ndipo ine sindinawaitane. Ndinaikoka ndekha mpaka inatuluka.

Anthu akuti ndataya mchimwene chifukwa cha mkaka. Ndimawauza kuti sindinataye munthu. Pakhomo panga akupadziwa, mpando wawo uli pomwe unali, akabwera ndiwaphikira tiyi ndipo tidzamwa limodzi. Koma chigubu changa sadzachigwiranso.

Ndine mayi ako.